Mpukutu Womaliza wa a Mathero

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, aliyense amawatcha a Mathero. Dzina limene makolo awo adawapatsa lilipo ndithu, koma limangomveka pa mzere wa kuchipatala, ndipo likatchulidwa iwo eni ake amayamba acheuka kaye kuti aone ngati akuitana wina. Ndi munthu wamfupi, wowonda ngati mtengo wa tsache, koma Namalenga adawaninkha mawu a chimphona. Akatsokomola kuchipinda, nkhuku za oyandikana nawo zimabalalika.

Dzinali adalipata ku ntchito. Kuseri kwa msika, pamene lero pali sitolo ya matayala, kale padali holo ya kanema. Ine ndinkakhala pa kazenera ka kutsogolo kugulitsa matikiti, iwo ankaima pambali pa chinsalu choyera kumasulira. Mafilimu athu onse ankachokera ku Mangalande, akuda ndi oyera basi, ndipo ankatifika atatopa kale ndi maulendo. Adali okandikakandika kotero kuti mvula inkaoneka ngati ikugwa ngakhale m'chipinda chogona. Alipo anzathu ena amene mpaka lero amakhulupirira kuti Angerezi amagona atafunda maambulera.

Ntchito yomasulira sidali yamasewera. Chizungu cha alamu chidali chotola pa mabokosi a sopo ndi pa zikwangwani za m'misewu, koma vuto lenileni silidali limenelo. Vuto lidali Angerezi eni akewo. Anthu a m'mafilimu amenewo sankanena za kumtima. Mwamuna akakonda mkazi ankayang'ana pazenera n'kukamba za nyengo. Munthu akamwalira, wamasiye ankatereka ketulo pamoto n'kufunsa alendo ngati amathira shuga. Anthu athu sakadalipira tikiti kuti aonere zotero. Ndiye alamu ankawathandiza Angereziwo. Bwana wa chipewa chachitali akang'ung'udza timawu tiwiri, alamu ankadziguguda pachifuwa n'kukuwa kuti, “Akuti chiwindi chapsa, mayi! Ndikapanda kukukwatira akandipeza m'chitsime!” Holo yonse inkagwedezeka, Mngerezi ali phee, akupukuta magalasi.

Koma chimene chidawapatsa dzina ndi mpukutu womaliza. Filimu inkabwera m'zitini zaphwatalala, mpukutu uliwonse chitini chakechake. Mwini holo yathu, munthu wa dzanja lolimba, ankabwereka filimu imodzi mogawana ndi holo ina ya tsidya la njanji. Iwo ankayamba, ife n'kutsatira pambuyo, ndipo mpukutu ukatha uko, munthu wa njinga ankauthamangitsira kuno. Mipukutu yoyamba inkafika bwino, wanjinga thukuta lili kamukamu. Tsoka lake, pakati pa maholo awiriwo padali nyumba ya mowa, ndipo pofika ulendo wotsiriza kukhosi kwa mnzathuyo kunkakhala kutauma gwaa. Mpukutu womaliza unkafika ife tikusesa. Nthawi zina unkabwerera kumene udachokera osaponda n'komwe pakhomo pathu.

Tsiku loyamba limene chinsalu chidangoti mbee nkhani ili pakati, anthu adathyola mabenchi. Zitachitikanso, alamu adalumphira kutsogolo, mthunzi wawo utatalika mpaka kudenga, nakweza dzanja. “Khalani pansi, abale anga! Imeneyi ndinaiona ndekha dzulo. Tamverani mmene inathera.” Ndipo adaimaliza ndi pakamwa. Wakuba adagwidwa, okondana adakwatirana, anthu adatuluka akuomba m'manja. Kuyambira pamenepo chidasanduka chizolowezi. Ife a m'holomo tinkadziwa kuti dzulo lonenedwalo munthuyu adali nafe pomwepo, koma ntchito iliyonse ili ndi zake zosatulutsa pakhomo.

Adali ndi malamulo awo pa ntchitoyo. Mwana safa. Galu safa. Wolemera wamwano ayenera kugwa m'matope, ngakhale filimu yonse ichitikire m'nyumba ya makapeti. Asanayambe ankamwaza maso m'holo: akaona mipango yambiri ankadziwa kuti pafunika ukwati, akaona zipewa zambiri pankafunika nkhonya. Mpaka padafika poti mpukutu womaliza ukapezeka kuti wafika pa nthawi, anthu ankatuluka akudandaula kuti lero atimana a Mathero.

Mlongo wanga nthawi imeneyo adali telala, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina. Adali ndi womufunsira, mwini sitolo ya nsapato, munthu wofatsa wa mimba yakeyake, amene adali atamupatsa kale nsapato zofiira zogogoda. Kwathu tonse tinkaona kuti nkhani yatha. Alamu nawo ankapitapita pakhondepo ndi malaya othothoka mabatani. Mlongo wanga ankadabwa kuti munthu mmodzi mabatani amamuthothoka bwanji sabata ndi sabata, ulusi wake uli wodulidwa bwinobwino ngati ndi lumo, koma sadafunse.

Loweruka lina masana Wansapato adagula matikiti a mipando yotsamira, nakhala ndi mlongo wanga kutsogolo kwenikweni. Filimu ya tsikulo idali ya mnyamata woyatsa nyali za mumsewu. Dzuwa likapendeka ankayenda ndi makwerero paphewa, ndipo nyali yake yomaliza idali pansi pa zenera la mtsikana wosoka zipewa. Mtsikanayo ankafunidwanso ndi mwini golosale, bambo wa ndevu za m'masaya. Wanyali, poona kuti m'thumba muli mbee, adakwera chombo kukasaka chuma kutsidya la nyanja. Mtsikana adaima pazenera, chombo chikulira, wagolosale akukwera masitepe ndi maluwa m'manja. Pomwepo chinsalu chidayera.

Ine ndidali nditatseka kazenera kanga n'kukaima kumbuyo, choncho zonse ndidaziona. Alamu adabwera kutsogolo, koma tsiku limenelo sadamwaze maso m'holo. Adayang'ana mpando umodzi.

“Imeneyi ndinaiona ndekha dzulo,” adatero. “Wagolosale anagogoda, anagogoda, mpaka maluwa anafota. Mtsikana anati, ‘Pepani bambo, katundu wa m'sitolo sayatsa nyali.’ Inapita miyezi. Tsiku lina chisisira, msewu wonse uli bii, nyali ya pansi pa zenera inangoti ngwee. Mtsikana kusuzumira, wanyali uja ali pa makwerero! Chuma sanachipeze ayi. Anabwera chimanjamanja, jekete litang'ambika pachigongono apa. Koma anabwera. Anavula chipewa n'kunena kuti, ‘Mayi, ine ndilibe kanthu, koma pazenera panu sipadzakhalanso mdima.’”

Amayi ena adalira mokweza. Wansapato naye, ndi mtima wake wabwino, adapukuta misozi ndi kampango n'kunena kuti filimu yokoma ngati imeneyi sadaionepo. Sadaone kuti pamene alamu ankati “pachigongono apa” adakweza mkono, ndipo jekete lawo lidali long'ambika pamalo omwewo. Lolemba mlongo wanga adabweza nsapato zofiira zija zili m'bokosi lake. Lachiwiri jekete lidali pa makina ake osokera.

Banja lawo silidakhale la mwanaalirenji. Holo idatsekedwa matepi a vidiyo atabwera. Alamu adakapeza ntchito ku depoti yoitanira mabasi, ndipo kumenekonso ankatonthoza anthu kuti basi ili pafupi, aiona okha ikukhota pa mlatho, pamene basiyo ili kugalaja matayala ali m'mwamba. Wansapato adakwatira wina, adatsegula masitolo ena, adamanga nyumba ya mpanda. Mlongo wanga ankadutsa pa mpandapo ndi mtolo wa mayunifolomu pamutu, osacheuka. Denga likadontha, mwana akadwala, makina akaduka lamba ntchito ili mbwee, iye ankangoluma ulusi n'kunena kuti, “Wanyali anabwera.”

Chaka china cha mvula yambiri ndidamupeza akusoka atakhala pansi pa ambulera, m'nyumba mwake momwe, mabeseni atandandalika pabalaza. Ndidati, “Chemwali, wasanduka Mngerezi tsopano. Kumpanda kuja sikudontha, ukudziwa?”

“Kumpanda kuja ndinakuona m'filimu, achimwene,” adayankha osaleka kupalasa makina. “Anagogoda mpaka maluwa anafota. Tandikankhireni beseni ilo.”

Mawu amenewo ndiwo adali mzati wa nyumba ija. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, adakula akuwamva mmawa ndi madzulo.

Ukalamba utafika, maso a mlongo wanga adachita ng'ala. Adayamba ndi kulephera kulowetsa ulusi pa singano, kenaka adafika popereka moni kwa mtengo wa mapapaya. Mwana uja, amene tsopano ndi namwino mumzinda wakutali, adabwera n'kukamuchititsa opaleshoni. Atamumasula mabandeji, mlongo wanga adayang'ana amuna ake nthawi yaitali n'kufunsa kuti, “Inu, mwakalamba chonchi liti osandiuza?” Tonse tidaseka. Namwino adati, “Amayi, tsopano mukuona. Mukufuna kuona chiyani choyamba? Zidzukulu?”

“Zidzukulu ndazigwiragwira, ndikuzidziwa. Ine ndikufuna mathero a filimu ya wanyali. Ndinangowamva ndi makutu. Ndikufuna ndimuone ndi maso angawa akubwera.”

Alamu, amene adali pamphepete pa bedi akusenda nthochi, adaseka chikhakhali. “Ha, mayi, zimenezo zinaola kalekale. Zitini zake anthu anapangira mbaula.”

Koma dziko lidali litasintha osawatsanzika. Pasanathe sabata Namwino adafika ndi kabokosi kakuda, adakalumikiza ku tivi ya pabalaza, nafotokoza kuti kuli kampani ina imene idasonkhanitsa mafilimu akale a ku Mangalande, kuwatsuka, kuwachotsa mvula ija, n'kuwaika pa intaneti. Munthu umangolembetsa n'kumalipira mwezi ndi mwezi, basi umaonera iliyonse imene mtima wafuna.

“Yathunthu?” adafunsa alamu.

“Yathunthu, ababa. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza.”

“Nanga wanjinga wake ndani?”

“Kulibe wanjinga, ababa. Zimangodzera mumphepo.”

“Mumphepomo mulibe nyumba ya mowa?”

Namwino adaseka mpaka kugwira m'nthiti. Alamu sadaseke.

Tchuthi cha Namwino chidatha filimuyo isanapezeke, chifukwa dzina lake la Chizungu palibe ankalikumbukira. Pa chikwangwani cha holo tidangolemba ndi choko kuti Wanyali. Adasiya rimoti m'manja mwa bambo ake, nawauza kuti azifufuza pang'onopang'ono poyang'ana zithunzi. Kudali kusungitsa nyama kwa fisi.

Mmawa uliwonse mlongo wanga ankafunsa, “Mwaipeza, bambo ake?” Alamu ankayankha kuti netiweki yavuta, kapena mabatire atha, kapena Angerezi lero atseka, ndi tsiku lawo lopuma. Koma masana, mlongo wanga akanyamula dengu kupita kumsika kukaona zinthu zimene kwa zaka ankangozinunkhiza, alamu ankandiimbira foni kuti ndibwere msanga. Tinkatseka makatani. Sitinkaonera filimu ngati anthu. Alamu ankatsegula imene aikumbukira, n'kuithamangitsa mpaka pamalo pamene chinsalu chathu chidayera, ndiye n'kukhala kunsonga kwa mpando, kukamwa kuli yasa.

Abale, zimene tidaona! Choyamba tidazindikira kuti m'nyumba za Angerezi simugwa mvula, ngakhale panja pokha inkagwabe. Kenaka adayamba kutuluka anthu athu akale, mmodzimmodzi. “Uyu ndinamukwatitsa ine ndi manja angawa,” alamu ankatero, “taonani amumanga unyolo!” Mkulu wa asilikali amene alamu adamubweza kwawo ndi malipenga, kani adamira ndi chombo chake ali chilili, akupereka sawatcha. Mu filimu ina ya wapolisi wofufuza, alamu adapachika wophika Maloweruka angapo otsatizana, anthu akuombera m'manja. Chonsecho wakupha adali dokotala wa banjalo, wophika sadalakwe kanthu kupatula kupsereza nsomba. Alamu adavula chipewa n'kumupepesa wophikayo pamaso pa tivi.

Ankawanyoza Angereziwo kuti ndi oumira, amamana anthu chimwemwe ngati chimachoka m'thumba mwawo, komabe sankakhuta. Munthu amene moyo wake wonse adagawira anzake mathero, iye mwini osalawako, tsopano ankadya ndi manja awiri. Adayamba kumeta ndevu tsiku ndi tsiku. Adayamba kuimba mluzu posamba. Adandiuza kuti akaona mafilimu amene atsala, imfa iyambe yadikira kaye, iwo alibe mpata.

Tsiku lina tidatsala pang'ono kugwidwa. Mlongo wanga adabwerera panjira ataiwala kachikwama, natipeza nkhalamba ziwiri tili mumdima masanasana, tivi titangoizimitsa kumene.

“Makatani otseka dzuwa lili pamutu? Mukubisa mkazi muno?”

“Tikupumitsa maso, mayi,” adatero alamu. “Si inu nokha muli ndi maso.”

Mlongo wanga adaika dzanja pamwamba pa tivi ngati mmene ankayesera mwana kutentha thupi, adatiyang'ana, natenga kachikwama kake n'kutuluka.

Filimu ya wanyali alamu adali ataipeza sabata yoyamba yomwe. Chithunzi chake chidali poyera, mnyamata ndi makwerero paphewa. Rimoti ikafika pamenepo ankailumphitsa ngati munthu wodumpha njoka panjira.

“Bwanji tingoisuzumira, alamu?” ndidatero. “Mwina munalasa. Mwina anabweradi.”

“Angerezi awa? Omiza munthu ali chilili?” Adapukusa mutu. “Tamverani, alamu. Panopa sindine wabodza, ndine wolosera. Ndikangoiona ndasanduka mboni, ndipo mlongo wanu amandiwerenga nkhope ngati tepi yoyezera nsalu. Mkazi uja anabweza nsapato chifukwa cha mawu anga. Akanakhala kumpanda, akanamasoka pofuna yekha. Ngati wanyali sanabwere, ndiye kuti ine ndinaba mkazi wa mwini dzuwa likuswa mtengo, mwiniwake atagula yekha tikiti.”

“Ndiye muzengereza mpaka liti?”

“Mpaka mmodzi wa ife atsogole. Kwatsala kutali ngati?”

Koma zengerezu adalinda kwawukwawu. Namwino adabweranso kudzaona maso a mayi ake. Atamva dandaulo lakuti Angerezi amatseka kawirikawiri, adayang'ana bambo ake cham'mbali, natenga foni, nafunsa kuti mnyamatayo ankanyamula chiyani paphewa. Tiyi asanazizire m'makapu, chithunzi cha makwerero chidali chitadzaza tivi yonse.

Lidali Loweruka masana, ngati kale lija. Mlongo wanga adavala diresi lake labwino, adatseka yekha makatani, nakokera mpando kutsogolo kwenikweni. Ine adandiitanitsa kuti ndidzaone nawo. Alamu adati m'mimba mwawavuta. Mlongo wanga adati chimbudzi sichithawa. Alamu adati rimoti yasowa. Namwino adakaipeza m'thumba la jekete lawo kuseri kwa chitseko.

“Imani apo pambali, bambo ake,” adatero mlongo wanga. “Muzimasulira ngati kale. Chizungu chawo cha m'mphunochi ine sindichimva.”

Adaima. Ntchito ya munthu ili m'magazi. Wanyali atangotsamiritsa makwerero, alamu adali atabwerera ku unyamata. Mnyamata adayang'ana kuzenera n'kung'ung'udza.

“Akuti, ‘Mayi, nkhope yanu yachititsa manyazi nyali zonse za mumzinda muno!’”

Namwino, amene ankawerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, adati, “Ababa, wangoti lero kukhala chifunga.”

“Iwe, unalipo?” adatero mayi ake osacheuka. “Khala chete, abambo ako ali pa ntchito.”

Zidayenda choncho mpaka chombo chidalira, wagolosale akukwera masitepe ndi maluwa. Ine mtima udayembekeza kuti chithunzi chiyere monga mwa masiku onse. Sichidayere. Wagolosale adagogoda kamodzi kokha, chitseko n'kutseguka.

Alamu adalekera pomwepo kumasulira. Tidaona mtsikana akulandira maluwa n'kuwaika m'botolo. Tidaona masamba akuyoyoka m'mitengo. Pansi pa zenera padabwera woyatsa nyali wina, nkhalamba ya chifuwa. Tidaona ukwati, wagolosale atapesa ndevu. Kenaka anthu a maovolosi adazula nyali zakale n'kudzala mapolo a magetsi. Pomaliza mkazi uja, atanenepa bwino, mwana ali m'manja, adaima pazenera lomwe lija chisisira. Magetsi adayaka okha msewu wonse, popanda makwerero, popanda munthu. Adayang'ana pansi kanthawi. Mwamuna wake adalankhula ali pa mpando wandalema.

Namwino ndiye adanong'ona, “Akuti tseka zenera, kukuzizira.”

Mkaziyo adatseka zenera, nakathira tiyi. Nyimbo idakwera, mayina adayamba kuyenda.

Alamu adali chiimire pambali pa tivi, manja ali lende, atafupika kuposa kale. Ndidawaona akukonzeka kuti anene chimene munthu amanena zikafika potere. Mlongo wanga sadawapatse mpata. Adavula magalasi ake atsopano, adawapukuta ndi m'mphepete mwa diresi, natembenukira kwa mwana wake.

“Zimenezi ndiye umalipira mwezi ndi mwezi?”

“Eya, amayi.”

“Akukubera, mwana wanga. Adula.”

“Sanadule, amayi. Yatha yonse. Si awo mayina akuyendawo?”

“Mayina n'chiyani? Ine ndasoka moyo wanga wonse, nsalu yodula ndimaidziwa. Achotsa mathero n'kusokererapo chigamba cha filimu ina. Mkazi wonenepayo si yemwe uja ayi.”

“Ndi yemweyo, amayi, angomu...”

“Ndati unalipo? Wanyali anabwera. Anabwera chimanjamanja, jekete litang'ambika pachigongono. Ndinalisoka ndekha Lachiwiri.”

Namwino adayang'ana mayi ake, adayang'ana bambo ake, natseka pakamwa. Adaphunzira bwino mwana uja, bala losafunika kumasula amalidziwa. Ine ndidayang'anitsitsa mlongo wanga kuti ndione ngati akusekera m'mimba, koma maso atsopano aja adali mbee ngati chinsalu chathu chakale, sukadawerengapo kanthu.

Alamu adakhala pansi pang'onopang'ono. Magazi adabwerera kumaso, mapewa adadzuka. “Ndimadabwa ine,” adatero, mawu a chimphona aja atabwerera. “Ndimayesa maso anga ndiwo akalamba. Adula ndithu. Anthu opanda manyazi!”

“Ndiye ulekeretu lero lomwe,” mlongo wanga adauza Namwino. “Uwauze atifufute. M'nyumba mwanga muno simulowa mabodza.”

Apa nkhope ya alamu idagwanso, ndipo ine ndidadziwa chimene chawalasa. Dzulo lake tidali titasiyira pakati filimu ya mahatchi a mpikisano, hatchi ya mwana wamasiye itatsala pang'ono kupitirira inzake pokhota pomaliza, pamene tidamva mlongo wanga akutsegula geti. Kumbuyo kwa hatchiyo kudali mzere wautali wa anthu amene alamu adawakwatitsa, kuwapachika ndi kuwalemeretsa, onse akudikira kuti aonedwe mmene adathera.

“Mayi,” adayamba moyesa madzi, “mwina tisafulumire. Mwina ndi imodzi yokhayi imene anailakwitsa. Zinazo mwina zili bwino.”

“Zinazo mwaziona liti? Si paja Angerezi amakhala atatseka?”

Alamu adakanda m'mutu.

“Kapena mukufuna kundiuza,” adapitiriza mlongo wanga mofatsa, akuvalanso magalasi, “kuti iwowa ndiwo akunena zoona?”

Ndayenda ndi alamu anga zaka zambiri, pa mtendere ndi pa mavuto, koma sindidawaonepo akuyeza mawu nthawi yaitali chotero. Adayang'ana tivi, pamene zithunzi za mafilimu ena zinkadutsa zokha mwaulemu ngati alendo otsanzika. Adayang'ana mkazi wawo.

“Afufute,” adatero. “Ndi akuba okhaokha.”

Namwino adadina pa foni. Kampaniyo idafunsa mwaulemu wa Chingerezi ngati tatsimikizadi, idati yamva chisoni kutiona tikupita, idafunsanso chifukwa chake. Mlongo wanga adati aiyankhe kuti katundu wawo ndi wosakwanira. Mawa lake adasoka kansalu ka maluwa kovundikira kabokosi kaja, ndipo lero pamwamba pake pamakhala chitini cha mabatani.

Masiku ano alamu amabwera kwanga masana, timakhala pakhonde kuonera magalimoto. Ndevu adabwerera kumeta pa Loweruka pokha, mluzu wa kubafa udazima. Mlongo wanga amayenda ponseponse ndi maso ake atsopano, ndipo akadutsa pa mpanda wa malemu Wansapato sacheukabe. Tsiku lina ndidangolankhula ndekha kuti kaya hatchi ya mwana wamasiye ija idatha bwanji.

Alamu adaimirira, adakonza kolala, natsokomola mpaka nkhuku za kuseri zidabalalika.

“Khalani bwino, alamu,” adatero. “Imeneyo ndinaiona ndekha dzulo.”